Mankhwala opaka a steroid: amaletsa kuyabwa, nanga bwanji amakulitsa chipere?

M'mwezi wa July, nthawi ija mphepo imatiumitsa milomo mu Lilongwe muno, mlamu wanga wa ku Area 25 anabwera kuchokera kuchipatala atabereka mwana wake wa zaka zitatu, kachubu koyera atakapana m'kabuku ka kuchipatala. Mwanayo anali atatha masabata awiri akugona mwa apo ndi apo. Kuseri kwa mawondo ndi mopindikira mikono munali mutada bii, mokhakhala ngati khungwa, ndipo pomwe ankakanda kwambiri pankatuluka timadzi. Pakachubupo panalembedwa kuti hydrocortisone 1%. Asanakatsegule n'komwe, mayi wina woyandikana nawo nyumba anakalandira, kukatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Amake mwana, awatu ndi aja oyeretsa khungu aja. Mukufuna mwanayu asupuke?" Kachubu kanagona pawindo masiku anayi, mwana ali kukanda.

Sabata yomweyo mnyamata amene amandimeta ku Mchesi anatsitsa kolala ya malaya n'kundionetsa pakhosi. Chimene chinayamba ngati kachipere kofanana ndi K10 yachitsulo chinali chitafika paphewa, chosaonekanso bwino m'mphepete, chili ndi tiziphuphu apa ndi apo. Kwa miyezi iwiri ankapaka kirimu amene anagula pabenchi mumsika, ndipo nditawerenga tizilembo ta pakatoni ndinapeza mawu oti betamethasone. Iye anati, "Achimwene, ndikapaka kuyabwa kumatha tsiku lomwelo. Ndikangosiya, chimabwerera chitaitana anzake."

Hydrocortisone ndi betamethasone ndi pachibale. Mwana uja ankafunikiradi mankhwala amene mayi ake anaopsezedwa nawo, pamene wometayo ankapaka tsiku ndi tsiku chinthu chomwe chinkanenepetsa matenda ake.

Kodi steroid wopaka n'chiyani?

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Kameneka kamatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Homoni ndi timadzi tonyamula uthenga m'magazi kuchokera ku chiwalo china kupita ku chinzake. Cortisol tonse tili naye. Amachuluka m'mamawa, n'kuchepa usiku. Amathandiza kuti shuga wa m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi zikhale pamlingo wake, komanso amagwira dzanja chitetezo cha m'thupi kuti chisapyole muyezo. Mankhwala opangidwa motsanzira cortisol ndiwo amatchedwa corticosteroid, ndipo achipatala amangodula kuti steroid. Hydrocortisone amene analandira mlamu wanga ndi cortisol yemweyo, kungoti wapangidwa kufakitale.

Mankhwalawa si achilendo. Mu 1950, Edward Kendall, Philip Hench ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wawo pa mahomoni a adrenal. Patangotha zaka ziwiri, mu 1952, madokotala awiri a khungu a ku New York, Marion Sulzberger ndi Victor Witten, anaonetsa kuti hydrocortisone amagwira ntchito akapakidwa pakhungu. Izi zisanachitike, wodwala khungu loyabwa ankapatsidwa zopaka zaphula ndi zina zonata zomwe zinkadetsa zovala, ndipo zinkathandiza pang'onopang'ono. Lero hydrocortisone 1% ndi betamethasone 0.1% ali pamndandanda wa World Health Organization wa mankhwala amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo, ndipo ndi amene mumawapeza kwambiri m'zipatala zathu.

Ena akamva mawu oti steroid amaganiza za anyamata a ku jimu otupa zifuwa. Aja ndi ena, otsanzira homoni yachimuna. Dzina ndi limodzi, koma ntchito n'zosiyana.

"Wakuba!"

Aliyense wokhala ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mtandire amadziwa zimene zimachitika munthu akakuwa usiku kuti "Wakuba!" Zitseko zimatseguka, anthu amatuluka ndi zibonga ndi matochi, agalu ali kuuwa, mipanda ya udzu ikugwa, mpiru wa kuseri kwa nyumba ukupondedwa. Wakuba akakhalapodi, chisokonezo chonsecho chili ndi phindu. Akakhala kuti wokuwayo wangoona mthunzi wa nthochi, m'mawa mumadzuka mpanda uli pansi popanda chimene mwagwira.

Chitetezo cha m'thupi chimachita chimodzimodzi pakhungu. Chikaganiza kuti kwabwera mdani, timitsempha ta magazi timafutukuka kuti magazi adutse ambiri, maselo oyera a m'magazi amathamangira pamalopo, n'kumatulutsa timankhwala toitanira anzawo. Pamalopo pamatentha, pamafufuma, pamayabwa. Achipatala amati inflammation. Ife timangoti kutupa, ngakhale kuti si nthawi zonse pamatupa mooneka ndi maso. Mabuku ambiri a zachipatala amati khungu lotere limafiira, koma pakhungu lakuda ngati lathu kufiirako sikuoneka kawirikawiri. Pamada kwambiri, pamatuwa ngati phulusa, kapena pamatuluka tinsungu ting'onoting'ono tothithikana. N'chifukwa chake matenda a mwana wakuda akhoza kuoneka ngati ochepa pamene ali aakulu.

Steroid akapakidwa amalowa m'maselo a khungu, n'kugwirana ndi puloteni yomwe ntchito yake ndi kulandira uthenga wa cortisol. Ziwirizi zimalowa pakatikati pa selo, pomwe pamasungidwa malangizo a zonse zimene selo limapanga, n'kutseka malangizo opangira timankhwala toitanira gulu tija. Kuitana kukaleka, gulu limabalalika. Timitsempha timabwerera mwakale, kufufuma kumaphwa, kuyabwa kumazilala. Steroid amachepetsanso liwiro limene maselo a khungu amaswanirana.

Ndiye kuti steroid ali ngati amfumu atatuluka usiku n'kuuza anthu kuti, "Bwererani m'nyumba, kagoneni." Amfumuwo sagwira wakuba, ndipo safunsa ngati wakubayo alipo kapena ayi. Steroid sapha fangasi, sapha bakiteriya, sapha vairasi, sapha kachilombo ka mphere.

Pamene palibe wakuba

Kwathu kuno matenda a pakhungu timawaphatikiza: ziwengo, nsungu, zikanga, zilonda. Kuchipatala amawasiyanitsa, chifukwa mankhwala amatsata gwero.

Matenda amene steroid amagwirapo ntchito kwambiri ndi eczema, aja a mwana wa mlamu wanga. Sapatsirana. Nthawi zambiri amayenda m'banja limodzi ndi mphumu komanso chimfine chosatherapo choyamba ndi fumbi. Khungu la munthu wa eczema lili ngati khoma la zidina lomwe dothi lomangira lakokoloka: madzi a m'kati amathawa, khungu n'kuuma, ndipo sopo, thukuta ndi fumbi zimalowa m'ming'alu n'kudzutsa chitetezo. Nyengo yathu ya June ndi July, kenako fumbi la August mpaka October, zimawonjezera moto. Kusamba ndi sopo wochapira zovala, kudzikhula ndi chinkhupule kapena mwala, kuveka mwana juzi yaubweya pakhungu penipeni, zonsezi zimakulitsa ming'alu ija. Munthu akakanda, khungu limang'ambika, kutupa kumakula, kuyabwa kumawonjezeka, n'kukandanso. Steroid amadula mzere umenewu kuti khungu lipeze mpata wopola. Sachotsa chibadwa cha eczema, n'chifukwa chake matendawa amabwerera nyengo ikasintha, ndipo kubwererako sikutanthauza kuti mankhwala anali abodza.

Gulu lina ndi la kuwengedwa ndi chinthu chimene chakhudza khungu. Amisiri omanga nyumba amang'aluka manja ndi simenti. Amayi ena amatupa makutu ndi ndolo zotchipa, abambo pamimba pomwe pamagunda chitsulo cha lamba, ena pachipumi ndi m'khosi akapaka dayi wakuda kutsitsi. Apa steroid amathandiza msanga, koma ngati chokuwengacho ukuchigwirabe, uzingopaka mpaka kalekale.

Psoriasis ndi matenda amene khungu limakhuthala n'kumayoyoka mamba otuwa, makamaka m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu. Khungu labwinobwino limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe maselo ake, koma la psoriasis limachita zimenezi m'masiku ochepa chabe, maselo n'kumaunjikana. Steroid amabweza liwiro limenelo. Amagwiritsidwanso ntchito pa mfundu yoopsa yomwe imatsikira m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala a fangasi, komanso polumidwa ndi tizilombo pakatupa kwambiri.

Pamene wakuba alipodi

Chipere chimayamba ndi fangasi, kanthu kamoyo kapachibale ndi nkhungu, kamene kamadya khungu lakunja. Mkombero wotukuka umene timauona m'mphepete mwa chipere ndi pomwe chitetezo chikulimbana ndi fangasiyo. Mukapakapo steroid, mkombero uja umaphwa, kuyabwa kumaleka, munthu n'kumati ndachira. Zoona zake n'zakuti alonda abwezedwa m'nyumba, ndipo fangasi akuyenda momasuka, kufalikira m'mbali ndi kulowa m'mizu ya tsitsi. Chipere chikasintha nkhope motere, ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira. Mu 1968 madokotala awiri a ku Britain, Ive ndi Marks, anachitcha tinea incognito, kutanthauza chipere chobisala. N'chimene chinali pakhosi pa wometa uja.

Chipere chimafuna mankhwala opha fangasi, monga clotrimazole, miconazole kapena Whitfield's ointment, opaka kwa masabata angapo osadukiza. Cha m'mutu, chomwe chimathothola tsitsi la ana a sukulu, sichimva zopaka zokha. Chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo.

Mphere nayo ndi chimodzimodzi. Imayamba ndi kachilombo kamene kamakumba timauna m'khungu, n'kumayabwa kwambiri usiku, pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche. Steroid amachepetsa kuyabwa koma tizilombo timaswana mochuluka, ndipo pomatha mwezi nyumba yonse ikukanda. Mankhwala ake ndi monga benzyl benzoate, ndipo apabanja onse amayenera kuyamba kupaka tsiku lofanana. Zilonda za mafinya, mashingozi, ndi matuza a pamlomo kapena kumaliseche zimakula zikapakidwa steroid yekha. Ziphuphu za kumaso zimaphwa sabata yoyamba, kenako n'kutuluka zochuluka kuposa kale. Ndipo banga lotuwa lomwe munthu sakumva kukhudza akaligwira liyenera kuonedwa ndi achipatala, chifukwa khate limayamba motero.

Pali makirimu ena amene amaphatikiza steroid wamphamvu, mankhwala a fangasi ndi mankhwala a bakiteriya m'chubu chimodzi. Ogulitsa amati "awa ndi a chilichonse". Ali ndi malo ake dokotala akawalemba kwa masiku owerengeka, koma akamapakidwa miyezi pa chipere, mbali ya steroid ndi imene imapambana. Ku India, komwe makirimu otere akhala akugulidwa mwachisawawa, kwabuka mtundu wa fangasi wa chipere wotchedwa Trichophyton indotineae, umene kawirikawiri sumva terbinafine, mmodzi mwa mankhwala odalirika a chipere, ndipo wafika kale m'mayiko ena.

Nambala ya pachubu isakupusitseni

Ma steroid opaka sali ndi mphamvu zofanana. Ku America amawagawa m'magulu 7, ku Britain m'magulu anayi, ndipo anayiwa ndi osavuta kusunga m'mutu. Ofatsa ndi hydrocortisone. Apakatikati ndi monga clobetasone butyrate. Amphamvu ndi betamethasone ndi mometasone. Amphamvu zedi ndi clobetasol propionate. Taonani mayina awiriwo, clobetasone ndi clobetasol: amasiyana zilembo za kumapeto zokha, koma pakati pawo pali phompho.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi peresenti. Pa hydrocortisone amalemba 1%, pa betamethasone 0.1%, pa clobetasol 0.05%. Munthu woganiza mwa masamu anganene kuti 1% ndiye wamphamvu. Ayi ndithu. Tsabola wamkulu wobiriwira uja mukhoza kudula wathunthu m'ndiwo mwana n'kudya, koma kambuzi mmodzi yekha amakhetsa misozi nyumba yonse. Clobetasol 0.05% amaposa hydrocortisone 1% kambirimbiri, moti mabuku ena amati mpaka ka 600. Peresenti imangothandiza poyerekeza machubu awiri a mankhwala a dzina limodzi.

Kayezedwe ka mphamvuzi n'kochititsa chidwi, ndipo kakukhudza nkhani yoyeretsa khungu. Mu 1962, McKenzie ndi Stoughton anapeza kuti steroid akapakidwa pakhungu la munthu wabwinobwino, pamalopo pamayera kwa maola angapo chifukwa timitsempha ta magazi tafinyika. Pakayera kwambiri, ndiye kuti mankhwalawo ndi amphamvu kwambiri. Mpaka lero njira imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito poika ma steroid m'magulu.

Chosungunulira nachonso chili ndi gawo. Pachubu pakalembedwa ointment, ndi wamafuta ngati Vaseline; amakhalitsa pakhungu, amalowerera kwambiri, ndipo ndi woyenera khungu louma ndi lokhakhala. Pakalembedwa cream, ndi woyera wopepuka, woyenera pamene pakutuluka timadzi kapena m'malo mochita thukuta. Lotion ndi wamadzimadzi, wa m'mutu ndi malo aubweya.

Chikope si chidendene

Khungu la munthu mmodzi silofanana thupi lonse. La m'chikhatho ndi kuphazi ndi lochindikala, moti mankhwala amalowa pang'ono kwambiri. La pazikope, kumaso, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumaliseche ndi lopyapyala, ndipo limamwa mankhwala ngati chinkhupule. Malo opindika, pomwe khungu limagundana ndi linzake, amasunga chinyezi n'kuwonjezera kulowerera. N'chifukwa chake dokotala akhoza kupereka machubu awiri kwa munthu mmodzi: hydrocortisone wa kumaso, betamethasone wa m'miyendo. Kusinthanitsa machubuwa ndi kumene kumabweretsa mavuto. Ndipo mmisiri amene manja ake achita chikhakha ndi simenti akapatsidwa hydrocortisone yekha, akhoza kupaka mwezi osaona kusintha, chifukwa pamenepo pamafunikadi wamphamvu.

Makanda amafuna chisamaliro chapadera. Khungu lawo ndi lopyapyala, ndipo ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lawo, choncho mankhwala ochuluka amatha kulowa m'magazi. Thewera, makamaka lapulasitiki, limatsekera mankhwala n'kuwakankhira m'kati. Kupaka betamethasone kapena clobetasol pa zilonda za thewera n'koopsa. Amayi oyembekezera akhoza kugwiritsa ntchito ofatsa ndi apakatikati achipatala akawalembera. Chimene kafukufuku wachenjeza ndi kupaka amphamvu ochuluka, oposa magalamu 300 pa nthawi yonse yoyembekezera, zomwe zimayendera limodzi ndi kubadwa kwa mwana wochepa sikelo. Woyamwitsa akapaka pabere, atsuke asanayamwitse.

Muyezo wa chala cha mkombaphala

"Muzipaka pang'ono," amatero pawindo lolandirira mankhwala. Koma pang'ono ndi bwanji? Mayi wamantha amangogunditsa chala pakamwa pa chubu, n'kupaka mwendo wonse, mankhwala osagwira ntchito, iye n'kumati achipatala andipatsa zosathandiza.

Mu 1991, madokotala awiri a ku Cardiff, Long ndi Finlay, anakonza muyezo wosafuna sikelo. Finyani chubu kuti kirimu ayale mzere pa chala cha mkombaphala cha munthu wamkulu, kuyambira kunsonga mpaka pamzere woyamba wopindikira. Mzere umenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo umakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu, zala zili pamodzi. Mwana akamapakidwa, chala ndi zikhatho zoyezera zikhale za wamkulu. Kwa munthu wamkulu, nkhope ndi khosi zimadya miyezo iwiri ndi theka, mkono umodzi itatu, mwendo umodzi isanu ndi umodzi.

Tiwerengere limodzi. Kachubu ka magalamu 15 kali ndi miyezo 30. Munthu amene eczema yagwira mkono wonse, akamapaka kawiri patsiku, amatha miyezo 6 patsiku, ndiye kuti kachubu katha m'masiku asanu. Kakatha miyezi itatu, munthuyo sakupaka zokwanira. Koma amene ali ndi kabanga kamodzi pachigongono n'kumamaliza kachubu sabata iliyonse, akupyola.

Kupaka kamodzi kapena kawiri patsiku n'kokwanira. Kupaka kasanu sikufulumizitsa kuchira. Mumapaka podwala pokha, kutsata kumene ubweya wagonera, mpaka khungu litasalala ndi kuleka kuyabwa. Nthawi zambiri zimatenga sabata imodzi kapena awiri pathupi, ndipo kumaso amalemba masiku ochepa, asanu kapena asanu ndi awiri. Pa clobetasol, opanga ake amachenjeza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 50 pasabata, ndipo asapitirize masabata ambiri osaonananso ndi dokotala. Kwa amene eczema imabwerera pamalo amodzimodzi, madokotala ena amalangiza kupaka masiku awiri okha pasabata, monga Loweruka ndi Lamlungu, ngakhale pataoneka popola. Sabata ziwiri zikatha popanda kusintha, funso loyamba si lakuti tipeze wamphamvu, koma lakuti kodi matendawa ndi omwe tikuwaganizirawo.

Mnzake wa steroid amene anthu amamuiwala ndi mafuta ofewetsa khungu: Vaseline wopanda fungo, kapena emulsifying ointment wa ku famase. Awa ndiwo amamata khoma lija. Amadzolodwa thupi lonse, kangapo patsiku, makamaka mukangotuluka kubafa khungu lisanaumiretu, ndipo sasiyidwa ngakhale khungu lipole. Pakati pa mafutawa ndi steroid musiye mphindi ngati 30 kuti zisasungunulane.

Akapitirira muyezo

Mphamvu imene imaletsa kutupa ndi yomweyo imene imaletsa khungu kupanga collagen, ulusi umene umalilimbitsa. Steroid wamphamvu akapakidwa miyezi pamalo amodzi, khungu limapyapyala n'kumanyezimira ngati pepala la pulasitiki, timitsempha timaonekera, kungogundidwa pang'ono pamachita chironda chochedwa kupola. M'khwapa, m'ntchafu ndi m'mawere mumatuluka mizere ikuluikulu yonga ya amayi oyembekezera, ndipo imeneyi sichoka. Kumaso kumabuka tiziphuphu tofanana kukula, ena ubweya umamera m'masaya. Wopakidwa pafupi ndi maso kwa nthawi yaitali akhoza kubweretsa ng'ala kapena glaucoma, matenda amene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha woonera.

Akapakidwa thupi lonse kwa miyezi kapena zaka, amalowa m'magazi mokwanira kusokoneza thupi lonse. Nkhope imazungulira, mimba imakula miyendo ikuonda, shuga ndi BP zimakwera, mwana amapinimbira. Achipatala amati Cushing's syndrome. Tiziwalo ta adrenal tija, poona kuti cortisol wadzaza kale m'magazi, timagona tulo. Munthu wotero akasiya mwadzidzidzi, kapena akadwala malungo aakulu, kapena akapita ku opaleshoni, thupi limasowa cortisol wake pa nthawi imene likumufunitsitsa, ndipo akhoza kukomoka. Amene wakhala akudzola zoterezi ayenera kuuza dokotala asanapite ku fiyeta, ngakhale zikhale zochititsa manyazi.

Zonsezi zimachokera ku mphamvu yaikulu, malo aakulu ndi nthawi yaitali. Hydrocortisone wopakidwa kuseri kwa mawondo a mwana kwa sabata imodzi sali m'gulu limeneli. Eczema yosiyidwa nayo ili ndi mtengo wake: mwana wosagona, zilonda zolowa mabakiteriya, khungu lokhuthala ndi kukanda. Palinso chinthu china chimene chimanamiziridwa mankhwala. Pakhungu lakuda, pamalo pamene panatupa pakapola pamatsala banga, lakuda kwambiri kapena lotuwa, ndipo limatenga miyezi kuti lifanane ndi pena ponse. Kawirikawiri bangalo ndi phazi la matendawo, osati la kirimu. Kulithamangitsa ndi steroid n'kungowononga khungu lomwe lapola kale.

Nanga zoyeretsa khungu zija?

Mayi woyandikana ndi mlamu wanga sananame kotheratu. Ma steroid amphamvu amayeretsadi khungu, pofinya timitsempha ta magazi ndi pofooketsa maselo opanga melanin, utoto umene umatipatsa kuda ndi kutiteteza ku dzuwa. N'chifukwa chake machubu a clobetasol ndi betamethasone amapezeka pamabenchi a zodzoladzola, pakati pa mafuta onunkhira ndi sopo, ena atajambulidwa mandimu kapena karoti. Ena amawafinyira m'botolo la mafuta odzola n'kusakaniza, moti wogula sadziwa n'komwe kuti akudzola mankhwala a kuchipatala. Nthawi zambiri m'zosakanizazo mumakhalanso hydroquinone, yemwe akadzoledwa zaka amasiya mabanga akuda obiriwirako m'masaya ovuta kuchotsa, ndipo zina zimakhala ndi mercury, amene amawononga impso.

Zifukwa zimene anthu amayeretsera khungu ndi nkhani ina, yaitali, ndipo kuwaseka sikunachiritsepo aliyense. Ambiri sanayambe n'cholinga choyera. Anayamba pofuna kuchotsa mabanga a ziphuphu, mnzawo n'kuwapatsa kachubu. Chimene chimawamanga ndi zomwe zimachitika akasiya. Khungu lomwe lazolowera steroid wamphamvu, makamaka kumaso, limalusa: kutentha ngati wathiridwa tsabola, kufufuma, kusupuka, kuda kuposa poyamba. Munthu amabwerera ku chubu kuti apeze mpumulo, n'kumawonjezera. Mu 2021 bungwe loona za mankhwala ku Britain, MHRA, linachenjeza za vuto limeneli, lomwe limabwera munthu akasiya steroid wapakatikati kapena wamphamvu amene wapaka nthawi yaitali. Kutulukamo kumatheka, koma kumafuna achipatala: nthawi zambiri amatsitsa mphamvu pang'onopang'ono, kuchepetsa masiku opaka, kuwonjezera mafuta ofewetsa ndi zoteteza ku dzuwa, ndipo zimatenga masabata kapena miyezi.

Mayiko ena, monga Côte d'Ivoire ndi Rwanda, analetsa zodzola zoyeretsa khungu zokhala ndi mankhwala oterewa. Kuno kwathu, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa owagulitsa. Benchi ya mumsika ilibe chiphaso chotero, ndipo chubu chomwe chakhala padzuwa la October palibe angakutsimikizireni za m'kati mwake. Chimene wogula angachite yekha ndi kutembenuza katoni n'kuwerenga tizilembo. Mayina othera ndi "sone", "sol", "lone" kapena "nide", monga betamethasone, clobetasol, fluocinolone ndi fluocinonide, ndi a steroid. Othera ndi "azole", monga clotrimazole, kawirikawiri ndi a fangasi.

Kumene anathera awiri aja

Mlamu wanga anabwerera kuchipatala tsiku lachisanu kukafunsa, ndipo namwino anamuyezera pachala chake chomwe. Anasiya kusambitsa mwana ndi sopo wochapira, n'kuyamba kumudzoza Vaseline katatu patsiku. Usiku wachitatu mwana anagona mpaka m'mawa. Mabanga akuda kuseri kwa mawondo anakhalapo mpaka mvula itagwa, ndipo chaka chino mphepo itayamba eczema inabweranso, kachubu kena n'kutsegulidwa.

Wometa uja ndinamuuza kuti zipatala zazing'ono zimatumiza matenda ovuta a khungu ku Kamuzu Central Hospital, ndipo atenge katoni ya kirimu wakeyo akaonetse. Kumene anapita anamupala pang'ono pakhosi n'kukayang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, n'kupeza fangasi. Anamuletsa kirimu uja, n'kumupatsa mapiritsi a masabata angapo. Sabata yoyamba chipere chinalusa kuposa kale, mkombero wake n'kuonekera bwinobwino kuchokera kukhutu mpaka paphewa, moti anandiimbira foni kuti mwina amupatsa mankhwala olakwika. Achipatala anamuuzanso kuti aziviika makina ometera ndi zipeso m'mankhwala akamaliza kumeta munthu aliyense, ndiponso kuti thaulo lomwe ankakoleka pakhosi tsiku lonse alichape ndi madzi otentha, alisite.